Mawu a Chilengedwe: Mmene Ayuda Amawerengera Genesis Pamaso pa Sayansi

Mawu ambiri a Chihebri amamera pa muzu wa zilembo zitatu. Eni ake amautcha muzuwo shoresh, liwu lomwe lija amatchulira muzu wa mtengo. Zilembo k, t ndi b, mwachitsanzo, zimasenza ganizo la kulemba, ndipo pa muzu umenewu pamamera katav, kutanthauza analemba, mikhtav, kalata, ndi ketubah, chikalata cha ukwati. Mwana wa Chiyuda akayamba kuphunzira Torah, mabuku asanu a Mose, amazolowetsedwa kuti liwu lililonse alizule ndi muzu wake womwe, aone abale ake m'mavesi ena, afunse chifukwa chimene mlembi anasankhira limenelo n'kusiya linzake.

Chizolowezi chimenechi chachititsa kuti nkhani ya kulengedwa kwa dziko ikhale bwalo la mtsutso pakati pa Ayuda kwa zaka pafupifupi 2,000. Pamene Charles Darwin ankatulutsa buku lake mu 1859, ndiponso pamene Edwin Hubble ankayeza kutalikirana kwa milalang'amba mu 1929, aphunzitsi a Chiyuda anali atafunsana kale ngati dziko lili ndi chiyambi, ngati masiku a m'Genesis ndi ofanana ndi athuwa, ndi ngati akuluakulu akale angalakwitse pa zakuthambo. Amene akufuna kumva mmene Ayuda amaionera sayansi ya makono ayambire pa mawu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri a m'machaputala awiri oyamba a Baibulo, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo.

Bereshit

Liwu loyamba m'Baibulo la Chihebri ndi bereshit, ndipo ndilo dzina limene Ayuda amaitanira buku la Genesis. Lili ndi zigawo ziwiri: be, kutanthauza pa kapena mu, ndi reshit, lochokera ku rosh, mutu. Rosh yemweyu tikumupezanso mu Rosh Hashanah, mutu wa chaka, chikondwerero cha chaka chatsopano cha Ayuda. Chiyambi kwa Mhebri ndi mutu wa chinthu.

Rashi, mphunzitsi wa ku Troyes m'dziko la France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1040 mpaka 1105, ndiye amene ndemanga zake mwana aliyense wa Chiyuda amayamba nazo. Iye anaona kuti malinga ndi malamulo a chiyankhulo, reshit siliima palokha. Limafuna liwu lina lolitsatira, monga ifenso sitinganene kuti chiyambi cha, n'kulekera pomwepo. Choncho kwa Rashi vesi loyamba ndi mawu otsegulira nkhani, onena za nthawi imene ntchito yolenga inkayambika, ndipo chinthu choyamba kulamulidwa kuti chikhalepo ndi kuwala. Anaperekanso umboni woti aliyense angauone yekha: madzi akutchulidwa m'vesi lachiwiri ngati chinthu chopezeka kale, koma palibe pamene panenedwa tsiku limene analengedwa. Anamanga mfundo yakuti lembalo silinabwere kudzaphunzitsa ndondomeko ya chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Mawu amenewa analembedwa zaka zoposa 700 Darwin asanatulutse buku lake, ndi munthu amene palibe Myuda wopembedza angamukayikire chikhulupiriro.

Maimonides, amene Ayuda amamutcha Rambam, anabadwira ku Córdoba ku Spain ndipo anamwalira ku Egypt mu 1204. Anali dokotala komanso katswiri wa malamulo a Chiyuda. Iye anasiyanitsa reshit ndi liwu lina, techilah. Techilah ndi kuyamba m'nthawi, monga munthu woyamba kukhala m'nyumba. Reshit ndi gwero limene chinthu chimadalira, monga mtima uli gwero la moyo wa nyama. Mlembi anasankha reshit, anatero Maimonides, chifukwa dziko silinalengedwe m'kati mwa nthawi imene inkayenda kale. Nthawi imayezedwa ndi kuyenda kwa zinthu, ndiye kulibe zinthu kulibenso nthawi. Nayo ndi cholengedwa. Kuchokera pa zimene Albert Einstein analemba mu 1915, asayansi nawo amaphunzitsa kuti nthawi ndi malo n'zolukana ndi zinthu zimene zili m'menemo, ndipo funso lakuti kunali chiyani nthawi isanayambe limawavuta monga linkavutira akale.

Kuzama kwa nkhaniyi akuluakulu ankakudziwa. Mishnah, buku la malamulo limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, limaletsa kuphunzitsa zinsinsi za ma'aseh bereshit, ntchito ya chiyambi, pagulu. Wophunzira azimva yekha kwa mphunzitsi wake. Akanaiona ngati nkhani ya poyera imene mwana aliyense angaimve pongoiwerenga, sakanaiikira mpanda wotere.

Bara

Phata la mkangano lili pa liwu lachiwiri, bara. M'Chichewa tili ndi mawu atatu oyandikana: kulenga, kuumba ndi kupanga. Mayi amaumba mphika, kalipentala amapanga mpando, koma kulenga timasiyira Namalenga. Chihebri nacho chili ndi atatu: bara, yatzar ndi asah. Awiri omalizawa amanenedwa za munthu ndi za Mulungu yemwe. Koma bara, m'kaumbidwe kake kamene kali m'Genesis, mwini ntchito amakhala Mulungu yekha m'Baibulo lonse.

Kodi ndiye kuti bara ndi kutulutsa chinthu popanda kanthu? Ayuda ali ndi mawu awo a ganizo limeneli: yesh me-ayin. Yesh ndi chilipo, ayin ndi palibe. Nachmanides, kapena Ramban, wa ku Girona ku Spain, amene anabadwa mu 1194, anati inde, m'Chihebri mulibe liwu lina lonenera zimenezi kupatula bara. Koma Abraham ibn Ezra, katswiri wa galamala ndi zakuthambo amene anakhalako iye asanabadwe, anali atakana kale. Anakumbutsa anzake kuti bara yemweyo akunenedwa za zilombo zikuluzikulu za m'nyanja ndiponso za munthu, pamene munthuyo chaputala chachiwiri chikuti anachokera kudothi. Anatsatira muzuwo mpaka m'buku la Yoswa, pamene ana a Yosefe akuuzidwa kuti akwere kunkhalango akagwetse mitengo apeze malo okhala. Liwu logwetsera mitengolo n'lochokera pa muzu womwewo. Kwa Ibn Ezra, bara ndi kudula, kulemba malire, kupatula ichi ndi icho.

Vesi lachiwiri likubweretsa mawu awiri amapasa, tohu ndi bohu, ofotokoza mmene dziko linalili lisanakonzedwe. Rashi analumikiza tohu ndi kuzizwa, kuja munthu amangoti kakasi poona bwinja. Ramban anapita patali. Anati Mulungu anatulutsa kuchokera ku ayin kanthu kopyapyala kwambiri, kopanda maonekedwe, kochepa ngati kadontho, koma kokhala ndi mphamvu yosanduka china chilichonse. Kameneko ndiko tohu, chifukwa munthu akafuna kukapatsa dzina amazizwa n'kubwerera, popeza kalibe mbali yoti dzina ligwirepo. Bohu analigawa pawiri, bo ndi hu, kutanthauza kuti muli kanthu m'menemo, ndiwo maonekedwe amene kadontho kaja kanavala. Kuchokera apo, anatero Ramban, Mulungu sanalengenso kanthu kena. Zonse zotsatira anaziumba ndi kuzipanga kuchokera m'kadonthoko.

M'masiku amenewo sayansi yolemekezeka inali ya Aristotle, ndipo iyo inkati dziko lilibe chiyambi, lakhalapo chikhalire. Mmene Maimonides anaiyankhira m'buku lake lotsogolera anthu othedwa nzeru, limene analilemba m'Chiarabu cha m'ma 1190, ndi phunziro lalikulu. Ananena poyera kuti sakukana Aristotle chifukwa cha mavesi okha. Mavesi onena za dzanja, maso ndi nkhope ya Mulungu ndi ambiri, komabe Ayuda amawamva mophiphiritsa chifukwa nzeru zatsimikiza kuti Mulungu alibe thupi, ndipo njira yomasulira mavesi a chilengedwe mwa mtundu womwewo inalipo. Zimene zinamuletsa ndi ziwiri: Aristotle sanapereke umboni wokwanira, ndipo dziko loyenda mokakamizika popanda chifuniro cha Mlengi likanagwetsa maziko a Torah. Ganizo la Plato, lakuti Mulungu anakonza dziko kuchokera ku chinthu chimene chinalipo kale, anati likanatsimikizika Torah ikanalilandira. Patapita zaka zoposa 100, Gersonides wa ku Provence, katswiri wa zakuthambo amene dzina lake linaperekedwa ku chigwa china cha pamwezi chotchedwa Rabbi Levi, analandiradi ganizo lofanana nalo, ndipo ndemanga zake zikusindikizidwabe m'Mabaibulo a Chiyuda.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ganizo la dziko lopanda chiyambi linakhalabe ndi mphamvu mpaka zaka za m'ma 1900. Einstein mwiniwake mu 1917 anawonjezera kachigawo m'masamu ake pofuna kuti thambo likhale losasuntha. Koma Alexander Friedmann mu 1922 ndi wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, mu 1927 anaonetsa kuti masamuwo akulola thambo lofutukuka, ndipo zoyeza za Hubble zinaonetsa kuti milalang'amba ikutalikiranadi. Ena anakanabe. Mu 1948 Fred Hoyle, pamodzi ndi Hermann Bondi ndi Thomas Gold, awiriwa ochokera m'mabanja a Chiyuda a ku Vienna, anati thambo likufutukuka koma lilibe chiyambi. Hoyle ndiye anapeka dzina lakuti Big Bang, kuphulika kwakukulu, pa wailesi ya BBC mu 1949, pofotokoza ganizo limene iye ankalikana.

Mlanduwo unagamulidwa ku Holmdel, m'chigawo cha New Jersey, mu 1964 ndi 1965. Arno Penzias, Myuda wobadwira ku Munich amene anathawitsidwa m'manja mwa chipani cha Nazi ali mwana mu 1939, ndi mnzake Robert Wilson ankagwiritsa ntchito chimakina cholandirira mafunde a wailesi chooneka ngati nyanga. Kulikonse kumene ankachilozetsa, usana kapena usiku, chinkatola kaphokoso kosatha. Anaunika mawaya. Anapeza nkhunda zitamanga chisa m'kati mwa nyangayo, nazichotsa, n'kupala zitosi zonse. Kaphokosoko sikanachoke. Kanali kutentha kotsalira kuchokera nthawi imene chilengedwe chonse chinali chaching'ono ndi chotentha koopsa, kumene lero kwazizira kufika madigiri pafupifupi 270 pansi pa ziro. Awiriwo analandira mphoto ya Nobel mu 1978, ndipo lero asayansi amawerengera kuti kufutukukako kunayamba zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo.

Ayuda ambiri opembedza anakondwa, ndipo ena anathamangira kunena kuti Ramban anaoneratu Big Bang. Apa mpofunika kusamala. Ramban ankakhulupirira kuti zinthu zapansi pano zinapangidwa ndi moto, mpweya, madzi ndi dothi, monga ankaphunzitsira Agriki, ndipo anati zakumwamba zinali ndi chiyambi chawochawo chosiyana ndi cha zapansi. Komanso sayansi ikufotokoza mmene chilengedwe chinafutukukira kuchokera pamene chinali chothinana ndi chotentha. Sinafike pa ayin. Malo opanda kanthu amene akatswiri a fizikisi amawanena ali ndi mphamvu ndi malamulo ake, ndiye kwa Ramban akanakhalabe yesh. Chimene tinganene mosakayika n'chakuti Maimonides anachita bwino kukana kugonjera ganizo lotchuka limene linalibe umboni.

Yom

Yom ndi tsiku, koma m'machaputala awiri oyambawo likugwira ntchito zitatu. Poyamba ndi dzina la kuwala posiyanitsa ndi mdima, kumene ife timati usana. Kenako ndi usiku ndi usana pamodzi. M'chaputala chachiwiri, nthawi yonse yolenga ikutchedwa yom imodzi. Salimo 90 nalo limafanizira zaka 1,000 ndi tsiku limodzi pamaso pa Mulungu. Ndipo akale sanaphonye kuona kuti dzuwa, limene timayezera masiku, likuikidwa m'malo mwake tsiku lachinayi.

Tsiku lililonse likutsekedwa ndi mawu awiri, erev ndi boker, madzulo ndi m'mawa, ndipo n'chifukwa chake tsiku la Chiyuda limayamba dzuwa likalowa. Ibn Ezra anati erev likuchokera ku muzu wa kusakaniza, chifukwa kukamada maonekedwe a zinthu amasokonekera, pamene boker likuchokera ku muzu wa kupenda, chifukwa kukacha munthu amatha kusiyanitsa ichi ndi icho. Gerald Schroeder, katswiri wa fizikisi wophunzira ku yunivesite ya MIT amene anatulutsa buku lake lodziwika mu 1990, anatenga mizu imeneyi kunena kuti tsiku lililonse ndi ulendo wochoka m'chisokonezo kupita ku dongosolo, ndipo anayesa kugwirizanitsa masiku asanu ndi limodzi ndi mabiliyoni a zaka pogwiritsa ntchito masamu a Einstein. Asayansi ambiri sanakhutire ndi kuwerengera kwakeko.

M'buku lakale la ndemanga lotchedwa Bereshit Rabbah muli ganizo lolimba mtima kuposa pamenepa. Rabi Yehuda bar Simon anaona m'kalembedwe ka vesi la madzulo oyamba chizindikiro chakuti dongosolo la nthawi linalipo kale. Rabi Abbahu wa ku Caesarea anawonjezera kuti Mulungu ankalenga maiko n'kumawafafaniza, mpaka analenga lino n'kukondwera nalo. Mu 1842, Rabi Israel Lipschitz wa ku Danzig, wolemba ndemanga zolemekezeka za Mishnah, analalikira za zimene akatswiri ankafukula m'mapiri: miyala yosanjikizana m'magawo, gawo lililonse ndi mafupa a zamoyo zakezake, chinjovu chaubweya chimene chinapezeka m'madzi oundana ku Siberia, mafupa ake n'kukaikidwa ku St Petersburg, ndi chibuluzi chachikulu chotchedwa iguanodon. Sanachite nazo mantha. Anauza mpingo wake kuti awa ndi mabwinja a maiko aja anawanena akuluakulu.

Kalendala ya Chiyuda imati chaka chimene chinayamba mu Seputembala 2025 ndi 5786. Kuwerengaku kunachokera pa kuwonkhetsa mibadwo ya m'Baibulo, monga linachitira buku lakale la Seder Olam. Koma malinga ndi mwambo wofala, Rosh Hashanah ndi chikumbutso cha tsiku lachisanu ndi chimodzi, tsiku la Adamu. Ayuda ambiri amatenga mfundo imeneyi kunena kuti kalendala yawo imawerenga mbiri ya anthu, ndipo zimene zinachitika Adamu asanakhalepo zili ndi muyeso wina.

Si onse amavomereza, ndipo okanawo ali ndi pogwira. Ramban yemwe uja analemba kuti masiku asanu ndi limodziwo anali masiku enieni, a maola ndi mphindi. Rabi Menachem Mendel Schneerson, amene anali mtsogoleri wa gulu la Chabad ku New York, analemba kalata kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 yoikira kumbuyo zaka za kalendala monga zilili. Anati asayansi amayeza zinthu kwa zaka zochepa n'kumaganiza kuti zinkayenda chimodzimodzi kalekale, chinthu chimene palibe anachiona, ndiponso kuti Mlengi akanatha kulenga dziko lokhwima kale. Ayuda ambiri osunga mwambo mokhwimitsa, otchedwa Haredi, amatsatira maganizo otere mpaka lero.

Raqia

Liwu limene ife timaliwerenga kuti thambo ndi raqia. Muzu wake ndi r, q ndi chilembo cha kukhosi chotchedwa ayin, ndipo tanthauzo lake ndi kusula chitsulo mpaka chitambasuke. M'buku la Eksodo, amisiri opanga chovala cha mkulu wa ansembe akusula golide kuti apyapyale, ndipo liwu lake ndi la muzu womwewu. Amene anaonapo mmisiri wokhoma ndowa pamsika, atakhazika lata pachitsulo n'kumalimenya ndi nyundo mpaka lipindike mmene akufunira, waona chimene liwuli likunena. Mhebri wakale akayang'ana kumwamba ankaona denga losulidwa, lolekanitsa madzi a kumwamba ndi a pansi. Ayuda a ku Alexandria amene anamasulira Torah m'Chigriki Yesu asanabadwe analimasulira ndi liwu lotanthauza chinthu cholimba.

Pa liwu limeneli Talmud, buku la zokambirana za aphunzitsi akale a Chiyuda, inasunga nkhani imene iyenera kudziwika kwambiri. M'gawo lotchedwa Pesachim muli mtsutso wa kumene dzuwa limapita usiku. Anzeru a Israel ankati usana limayenda pansi pa raqia, usiku n'kubwerera pamwamba pake, kuseri kwa dengalo. Anzeru a mitundu ina ankati usiku limadutsa kunsi kwa dziko. Rabi Yehuda HaNasi, mkulu amene anasonkhanitsa Mishnah, anagamula kuti mawu a anthu a mitundu inawo akuoneka olondola kuposa a anzake, ndipo chifukwa chimene anapereka n'chakuti madzi a pa kasupe amamveka ozizira usana koma ofunda usiku, ngati kuti china chake chikuwatenthetsa kuchokera pansi. Chifukwa chakecho lero tikudziwa kuti sichinali cholondola: madziwo amamveka ofunda poyerekeza ndi mpweya wozizira wa usiku. Koma khalidwe lake ndilo lofunika. Mtsogoleri wamkulu wa Ayuda a m'nthawi yake anayeza umboni, navomereza kuti akunja anena zoona, ndipo alembi a Talmud sanabise nkhaniyo.

Maimonides anaitchula nkhani imeneyi pophunzitsa kuti pa zakuthambo akuluakulu ankayankhula malinga ndi maphunziro a nthawi yawo, osati monga olandira uthenga kwa aneneri. Saadia Gaon, wobadwira ku Fayyum ku Egypt, amene anatsogolera sukulu ya ku Sura m'dziko limene lero ndi Iraq, anali atakhazikitsa kale lamulo lake cha m'ma 933. Vesi limvedwe monga lalembedwera, pokhapokha ngati likutsutsana ndi zimene maso akuona, ndi nzeru zotsimikizika, ndi vesi lina, kapena ndi mwambo wodalirika. Chitsanzo chake chinali Hava, amene akutchedwa mayi wa zamoyo zonse, pamene aliyense akudziwa kuti sanabale ng'ombe kapena bulu.

Funso la raqia silinafe. Chakumapeto kwa 2004 ndi kumayambiriro kwa 2005, gulu la atsogoleri a Haredi linaletsa mabuku atatu a Rabi Natan Slifkin, wobadwira ku Manchester, chifukwa chovomereza kuti dziko ndi lakale kwambiri ndiponso kuti akuluakulu a Talmud ankatha kulakwitsa pa zachilengedwe. Omuikira kumbuyo anangotsegula Pesachim ndi mabuku a Maimonides. Slifkin pambuyo pake anatsegula nyumba yoonetseramo nyama za m'Baibulo ku Beit Shemesh.

Yatzar ndi Adam

M'chaputala chachiwiri mlembi akusiya bara n'kutenga yatzar, liwu la woumba mbiya, amene m'Chihebri ndi yotzer. Cholengedwacho ndi adam, ndipo chikuchokera ku adamah, dothi. Dzina la munthu ndi dzina la dothi lochotsedwa chilembo chimodzi. Chaputala chomwecho chikuti nyama ndi mbalame nazo zinaumbidwa kuchokera ku adamah, ndipo munthu ndi nyama onse akutchedwa nefesh chayah, chamoyo chopuma. Chibale cha thupi la munthu ndi la nyama Genesis sakuchibisa.

Kusiyana akuluakulu anakupeza m'kalembo kakang'ono kuposa tonse, yod. Pamene akuumbidwa munthu, liwulo lalembedwa ndi ma yod awiri. Pamene zikuumbidwa nyama, yod ndi mmodzi. Talmud ikuti awiriwo akuimira ma yetzer awiri, liwu la muzu womwewo lotanthauza chikoka cha mumtima: chokokera ku zabwino ndi chokokera ku zoipa. Munthu ndi dothi limene lingathe kusankha, ndipo lidzafunsidwa mlandu pa zimene lasankha.

Powerenga chonchi, aphunzitsi ena sanaone chifukwa choopera Darwin. Rabi Samson Raphael Hirsch wa ku Frankfurt, msilikali wamkulu wa mwambo m'zaka za m'ma 1800, sanakhulupirire kuti chiphunzitso cha Darwin cha kusintha kwa zamoyo chatsimikizika, koma analemba kuti chikadzatsimikizika Ayuda adzalemekeza koposa Mlengi amene anatulutsa mitundu yonseyi kuchokera ku chiyambi chimodzi ndi lamulo limodzi. Rabi Abraham Isaac Kook, amene anamwalira ku Jerusalem mu 1935, analandira chiphunzitsocho ndi manja awiri. Liwu limene ankagwiritsa ntchito ndi hitpatchut, lochokera ku muzu wa p, t ndi ch, kutsegula. Kwa iye kusintha kwa zamoyo pang'onopang'ono kunali kutseguka kwa zimene Mlengi anaika m'chilengedwe, ndipo anati n'kogwirizana ndi ziphunzitso zakuya za Chiyuda zotchedwa Kabbalah. Apa nayenso anapyola pamene sayansi imalekezera, chifukwa asayansi sanena kuti kusinthako kuli ndi kumene kukulowera. Zimenezo ndi za chikhulupiriro. Umboni wa mafupa wokha ndiwo wachuluka kuchokera nthawi yake, ndipo wambiri wapezeka mu Africa muno, kuphatikizapo chibwano cha zaka zoposa 2 miliyoni chimene chinafukulidwa ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991. Magulu a Ayuda otchedwa Reform ndi Conservative amavomereza chiphunzitsochi, ndipo mu 2005 bungwe la Rabbinical Council of America, la Ayuda a Orthodox, linalengeza kuti chikamvedwa bwino sichitsutsana ndi kukhulupirira Mlengi.

Teva, mada ndi Torah

Liwu lathu lakuti chilengedwe lili ndi kulenga m'kati mwake, moti ngakhale mphunzitsi wa sayansi akamalitchula amakhala akutchula ntchito ya Mlengi. Chihebri cha m'Baibulo chinalibe liwu loimira dongosolo limene zinthu zimayendera pazokha. Omasulira mabuku a Chiarabu, makamaka a banja la Ibn Tibbon ku France m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, ndiwo anakhazikitsa teva pa ntchito imeneyi. Muzu wake ndi wa kudinda. Pomwepo pamachokera matbea, ndalama yachitsulo, ndi tabaat, mphete yodindira. Teva ndi chidindo chimene chinthu chilichonse chimanyamula. Popeza zilembo za Chihebri zimaimiranso manambala, aphunzitsi ena anaona kuti ha-teva ndi Elohim, dzina la Mulungu limene lili m'chaputala choyamba chonse, onse amawonkhetsa 86. Masamu oterewa satsimikiza kanthu, koma akuonetsa mmene ankaganizira: malamulo a chilengedwe ndi chidindo cha Mlengi, ndipo wowafufuza sakulimbana ndi mwini wake.

Sayansi m'Chihebri ndi mada, kuchokera ku yada, kudziwa. Torah ikuchokera ku muzu wa kuloza ndi kulangiza, umene umabalanso moreh, mphunzitsi. Yeshiva University ya ku New York inaika mawu awiriwa pamodzi pa chizindikiro chake, Torah Umadda. Rashi anatsegula ndemanga zake ndi funso lochokera pa muzu umenewu: ngati Torah ndi malangizo, bwanji sinayambire pa lamulo loyamba loperekedwa kwa Israel mu Eksodo 12? Funso lokhalo likuonetsa chimene iye ankayembekezera kupeza m'bukulo. Yeshayahu Leibowitz, pulofesa wa sayansi ku Hebrew University yemwenso ankasunga malamulo a Chiyuda mosaphonya, ankanenetsa kuti Torah sinaperekedwe kuti iphunzitse fizikisi, koma kuti iuze munthu mmene angatumikirire Mulungu.

Ine ndikuona kuti njira yolungama ndi ya Saadia, Maimonides ndi Rabi Yehuda HaNasi. Wokana umboni wa miyala ndi nyenyezi pofuna kuteteza Genesis akupanikiza yom ndi bara kuposa mmene eni chiyankhulo anawapanikizira. Wothamangira kupeza Big Bang m'vesi lililonse akumangirira lemba ku sayansi ya chaka chino, imene mawa ingakonzedwe, monga inakonzedwera ya Aristotle. Ayuda atatuwa ankafuna umboni asanasunthe, ndipo umboni ukabwera ankasuntha osachita manyazi.

Inu makolo, abusa ndi aphunzitsi, mwana akabwera kuchokera kusukulu ndi funso la zaka za dziko kapena la mafupa a ku Karonga, musamuuze kuti asankhe pakati pa Baibulo ndi kalasi. Khalani naye pansi, mufufuze chimene liwulo likunena m'chiyankhulo chimene linalembedwera, mufufuzenso chimene asayansi atsimikiza ndi chimene akungoganizira. Mwana wofunsa mafunso otere sanataye chikhulupiriro, ndipo ayenera kuyankhidwa moona.